Masitazi ya Munthu Wapantchito: Kuchokera M'kalasi la Loweruka Mpaka Kuvala Gauni

Digiri ya masitazi ndi digiri yachiwiri, imene munthu amaitenga ku sukulu ya ukachenjede atapeza kale yoyamba. Kuno ku Malawi maphunziro ambiri a digiri yoyamba amatenga zaka zinayi, pamene a masitazi amaikidwa pa zaka ziwiri. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi ndi mayeso. Chachiwiri ndi cha kafukufuku amene wophunzira amachita payekha mounikiridwa ndi mphunzitsi, mpaka alembe buku lake lotchedwa thesis. Okhala m'makalasi amenewa kawirikawiri sakhala achinyamata ongotuluka kumene m'koleji. Amakhala aphunzitsi a ku sekondale, anamwino, alangizi a zaulimi, owerengera ndalama m'makampani, abusa, ogwira ntchito m'makhonsolo ndi m'mabungwe omwe si aboma. Ndi anthu oti Lolemba m'mawa bwana akuwadikira kuofesi, kunyumba ana akufuna fizi, kumudzi makolo akuyembekezera feteleza.

Kale mwayi umenewu unali wa anthu owerengeka. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe dziko linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite inali imodzi yomweyi, ndipo mphamvu zake zambiri zinkathera pa madipuloma ndi madigiri oyamba, popeza dziko linkasowa aphunzitsi, alangizi ndi oyendetsa maofesi. Wofuna kupitirira pamenepo nthawi zambiri ankadikira kuti boma kapena bungwe lakunja limutumize ku Britain, ku America kapena kwina, n'kusiya ntchito ndi banja kwa chaka kapena ziwiri. Zinthu zinayamba kusintha pamene Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Mipingo nayo inatsegula zake: University of Livingstonia mu 2003, Catholic University of Malawi ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006, ndi zina zobwera m'mbuyo mwake. Bunda College inapatuka n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, pamene Chancellor College inatsala ndi dzina lakale lija.

Sukulu zitachuluka chonchi zinaona kuti wotha kudzilipirira masitazi ndi munthu wolandira malipiro pa mwezi, ndipo munthu wotero sangasiye ntchito kuti akakhale pa benchi. Choncho nthawi ya maphunziro inakonzedwa motsatira iyeyo. Kwina amaphunzira madzulo anthu akaweruka. Kwina ndi Loweruka ndi Lamulungu. Kwinanso ophunzira amaitanidwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri zodzaza, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kenako amabwerera kuntchito atasenza zowerenga ndi zolemba mpaka adzaitanidwenso. Palinso maphunziro a patali, amene munthu amachita ali kwawo. UNISA ya ku Pretoria yakhala ikuphunzitsa mwa njira imeneyi kuyambira mu 1946, poyamba kudzera m'makalata a papositi, lero pa intaneti. Mliri wa Covid-19, umene unatseketsa sukulu zonse m'dziko muno mu Malichi 2020, unakakamiza ngakhale aphunzitsi ozolowera choko kuti aphunzire Zoom ndi Moodle, ndipo zina mwa njirazo zinakhalirira mliri utatha.

Kulemera kwa dongosolo la Loweruka kumaoneka bwino munthu akatsatira ulendo umodzi. Wophunzira wokhala ku Lilongwe amene kalasi lake lili ku Zomba amapempha kuweruka msanga Lachisanu. Amakwera basi ndi kachikwama ka zovala za masiku awiri ndi laputopu, n'kuyenda makilomita pafupifupi 300 kudutsa Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde. Amafika kutada, amagona ku resiti hausi yotchipa kapena pa mphasa kwa wachibale. Loweruka lonse ali m'kalasi, nkhomaliro ndi chipisi cha pachiwaya. Lamulungu masana wayambanso ulendo wobwerera, maso ali pa foni kuwerenga nkhani imene ayenera kulembapo pofika Lachitatu. Lolemba hafu pasiti seveni ali pa desiki yake kuofesi, ndipo palibe amene amamuchepetsera ntchito chifukwa choti sanapume.

Munthu asanapereke ndalama kusukulu iliyonse pali chinthu chimodzi chofunika kufufuza. Bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limalembetsa sukulu za ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro ake, ndipo limatulutsa mndandanda wa zimene lavomereza. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino pamene maphunziro ena a pasukulupo sanavomerezedwe, kotero kungoona dzina la sukulu pa mndandandawo sikokwanira. Afunika aonenso dzina la digiri imene akuifunayo. Digiri ya kunja nayo imaunikidwa kuti idziwike ngati ikulingana ndi za kuno. Ndi zomvetsa chisoni kuti munthu avutike zaka ziwiri, awononge mamiliyoni, kenako wolemba ntchito amuuze kuti pepala lakelo salidziwa.

Zifukwa zobwererera kusukulu n'zodziwika. Maudindo ambiri apamwamba akamalengezedwa m'nyuzipepala amatchula masitazi. Wofuna kuphunzitsa ku yunivesite sangapite patali popanda digiri imeneyi. Ena amafuna kusintha njira, monga namwino wofuna kulowa za umoyo wa anthu ambiri, kapena injiniya amene wapatsidwa anthu oti aziwayang'anira ndipo akufuna masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi (MBA). Koma pali enanso amene amabwera ndi funso lowavutitsa la pantchito pawo, loti n'chifukwa chiyani atsikana a m'dera limene amaphunzitsa amasiyira sukulu pa Fomu 2, kapena n'chifukwa chiyani alimi amasiya mbewu imene anauzidwa kuti ndi yabwino. Otere ndi amene amapirira bwino kukafika nthawi ya kafukufuku, chifukwa yankho lake akulifunadi.

Ndalama ndiye phiri loyamba. Ngongole za boma zodzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board zimathandiza makamaka ophunzira a digiri yoyamba ochokera m'mabanja osowa. Masikolashipu alipo, monga a Chevening ndi a Commonwealth, a Fulbright, ndi a Beit Trust amene amaperekedwa kwa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma olimbirana ndi ochuluka kwambiri ndipo ambiri mwa masikolashipuwa amafuna munthu apite kunja. Otsalawo amadzilipirira okha. Wina amatenga ngongole ya kubanki yodulidwa pa malipiro, wina ya ku SACCO, wina amadikira mwezi wake wa chipereganyu, wina amagulitsa soya ndi mtedza wa chaka chonse. Nyumba imene banja linkamanga imaima pa mawindo mpaka udzu kumera m'kati. Olipira m'ndalama zakunja anaona zakuda pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dola imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700 tsiku limodzi, ndipo fizi ya munthu amene anali pakati pa maphunziro inakwera chomwecho malipiro ake ali pomwepo. Malo ena antchito amathandiza ndi fizi kapena amapereka tchuthi cha maphunziro, koma wothandizidwayo amasainira kuti akamaliza adzagwirabe pamalopo zaka zakutizakuti, ndipo akachoka msanga adzabweza ndalamazo.

Nthawi yowerengera sikhala yopatsidwa. Imachotsedwa pa tulo, pa macheza, pa mapemphero a m'kati mwa sabata, pa ana. Ambiri amadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha nyumba ili zii, n'kuwerenga mpaka nthawi yoteleka madzi osamba. Magetsi nawo sadalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka anthu ankakhala maola ambiri mumdima. Wophunzira ankatchaja laputopu kuofesi masana kuti akalembere usiku, bandulo ya intaneti akuigwiritsa ntchito mosinira. Ndiye pali maliro, maukwati ndi odwala, zinthu zimene munthu wamkulu m'banja sangazithawe. Kulephera kupita ku maliro a kuchimuna chifukwa cha mayeso ndi nkhani yoti imakambidwa zaka.

Pa amayi katunduyu amalemera kawiri. Bambo akatseka chitseko kuti akuwerenga, ana amauzidwa kuti asasokose. Mayi akatseka chitseko chomwecho, mwana amagogoda kufunsa yunifomu yake, wantchito amafunsa za ndiwo, alendo akafika amayembekezera kuti atuluke awapatse moni ndi kuwaphikira. Ena amatenga pakati ali m'kati mwa maphunziro n'kumalemba mayeso khanda lili ndi mlezi panja pa holo. Pamene mwamuna wavomera kusambitsa ana ndi kuwathandiza homuweki, kapena mchemwali wabwera kudzakhala miyezi ingapo, mayi amamaliza. Pamene palibe womupeputsa, nthawi zambiri amafika pa kafukufuku atatopa kale.

Chaka cha m'kalasi anthu ambiri amachidutsa, popeza chili ndi masiku oikika, anzawo a pagulu la WhatsApp amakumbutsana, ndipo mphunzitsi amafuna asainimenti pa tsiku lake. Pamene ambiri amatitimira ndi pa kafukufuku. Kalasi limabalalika, aliyense amatsala yekha ndi mutu wake, ndipo palibe belu lomuitana. Choyamba amalemba pulopozo yofotokoza funso limene akufuna kuyankha, zimene ena analemba kale pa nkhaniyo, ndi njira imene adzatsate. Amakaiteteza pamaso pa aphunzitsi a m'dipatimenti, ndipo si zachilendo kubwezedwa kuti mutuwo ndi waukulu kwambiri, auchepetse. Munthu amabwera akufuna kufufuza za umphawi m'Malawi monse, n'kutuluka atauzidwa kuti aone midzi itatu ya m'dera la mfumu yaikulu imodzi. Uphungu umenewu umawawa koma ndi woona, chifukwa funso laling'ono loyankhidwa bwino ndilo limathandiza.

Kafukufuku wokhudza anthu amafunanso chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwawo asapwetekedwe kapena kunamizidwa. Za umoyo zimapita ku National Health Sciences Research Committee kapena ku komiti ya COMREC, ndipo mayunivesite ena ali ndi makomiti awo pansi pa malamulo a National Commission for Science and Technology. Kumeneko kumafunika malipiro ndi kudikira. Chilolezo chikatuluka, wophunzira amatenga kalata kupita nayo kwa bwanamkubwa wa boma, kwa mkulu wa chipatala kapena wa maphunziro, ndi kwa amfumu, asanafunse munthu aliyense funso. Mafunso olembedwa m'Chingelezi amawamasulira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo wofunsidwa aliyense amafotokozeredwa cholinga n'kusaina kapena kudinda chala kuti wavomera mwa kufuna kwake. Zonsezi wapantchito amazichita pa masiku ake a holide, ndi mafuta a m'thumba mwake, nthawi zina m'nyengo ya dzinja misewu ya kumudzi itaterera.

Kenako pamabwera kulemba, ndipo apa ubale wa wophunzira ndi supavaiza wake ndiwo umagwira zonse. Aphunzitsi okhala ndi digiri ya udokotala ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira ofuna kuunikiridwa, ndipo mmodzi amakhala ndi makalasi, misonkhano, kafukufuku wake ndi ophunzira ambirimbiri. Chaputala chotumizidwa lero chikhoza kubwera patapita miyezi. Nayenso wophunzira amasowa, ntchito ikamupanikiza amakhala miyezi itatu osatsegula fayilo, kenako amachita manyazi kuimba foni. Thesis ili ngati dimba la m'chilimwe: ukalekeza kuthirira sabata ziwiri umapeza mbewu zafota, ndipo kuzidzutsa kumafuna mphamvu zoposa zimene ukanathirira tsiku ndi tsiku. Amene amamaliza ndi amene amalemba pang'onopang'ono osadukiza, ngakhale ndime imodzi pa tsiku, ndipo amapangana ndi supavaiza masiku okumana n'kuwasunga. Kuchedwa kuli ndi mtengo wake, popeza sukulu zimaika malire a zaka zimene munthu angakhale m'kaundula, ndipo zambiri zimalipiritsa chaka chilichonse choonjezera.

Kutopa kumeneku n'kumene kumatsegula khomo la chinyengo. M'matauni muli anthu amene amalembera anzawo thesis pa mtengo, ndipo masiku ano palinso mapulogalamu a pakompyuta otha kulemba ndime zooneka ngati zanzeru. Sukulu zimagwiritsa ntchito zida monga Turnitin pofufuza zokopera, ndipo wogwidwa akhoza kuchotsedwa kapena kulandidwa digiri. Koma ngakhale asagwidwe, wogula thesis wadzibera yekha chinthu chimene analipirira: luso lofunsa funso, kusonkhanitsa umboni, ndi kunena zokhazo zimene umboniwo ukulola. Mkulu wa chipatala kapena wa zaulimi wopanda luso limeneli amalakwitsa zinthu zokhudza miyoyo ya anthu.

Buku likatha limapita kwa oyesa, mmodzi wa pasukulu pomwepo ndi wina wochokera ku yunivesite ina. M'sukulu zambiri wophunzira amaitanidwa kukadifenda. Amaima pamaso pa gulu la aphunzitsi, amafotokoza ntchito yake kwa mphindi zowerengeka, kenako amafunsidwa chifukwa chimene anasankhira anthu amenewo osati ena, ndi pamene nambala yakutiyakuti yachokera. Munthu amene kuofesi kwake amalamula anthu makumi amatuluka thukuta m'manja. Ochepa amadutsa popanda chokonza. Ambiri amapatsidwa masabata kapena miyezi yoti akonze, ndipo akamaliza amakamangitsa bukulo ndi chikuto cholimba, dzina lawo litalembedwa ndi zilembo zagolide. Zotsatira zimadikira kuvomerezedwa ndi seneti ya yunivesite, ndipo wophunzira amazungulira maofesi kusainitsa kuti alibe ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale.

Mwambo wopereka madigiri unachokera ku mayunivesite akale a ku Ulaya monga Bologna, Paris ndi Oxford, kumene m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 ophunzira ambiri anali a mumpingo ndipo ankavala mikanjo italiitali yokhala ndi chofunda kumutu chifukwa cha kuzizira. Gauni ya lero ndi mdzukulu wa mkanjo umenewo. Nsalu yolendewera kumsana imasiyana mtundu malinga ndi digiri ndi gawo la maphunziro, kotero wodziwa amatha kuzindikira wa masitazi pakati pa gulu. Gauniyi ambiri amachita kubwereka kusukulu pa mtengo. Ku Zomba mwambowu umachitikira mu Great Hall, ndipo ku Lilongwe sukulu zingapo zimabwereka holo ya BICC. M'mayunivesite aboma mtsogoleri wa dziko ndiye wakhala chansala mwa mwambo, ndipo akabwera yekha chitetezo chimakhwima, anthu amayenera kukhala pansi m'mamawa.

Makadi olowera amakhala ochepa, awiri kapena atatu pa munthu, ndipo kusankha wolowa ndi mlandu pawokha. Wa digiri yoyamba amalowetsa makolo. Wa masitazi ali ndi mkazi kapena mwamuna, ana, makolo ndi apongozi, ndiye ena amatsala panja pa udzu kumvera pa zokuzira mawu. Maina amaitanidwa limodzilimodzi. Dzina likamveka, nthungululu imaphulika kuchokera pakona ina ya holo, mayi wokalamba wovala chilundu chatsopano ataimirira, osasamala kuti anthu anapemphedwa kudikira mpaka onse atatha. Kuyenda kuchokera pa mpando kukafika kutsogolo n'kubwerera sikutenga ngakhale mphindi ziwiri. Panja ojambula zithunzi amakhala atayala nsalu zawo, ogulitsa maluwa ovala m'khosi akuitanira malonda, ndipo chisoti chimayendayenda: chimavekedwa agogo, kenako mwana wa ku pulayimale amene chimamuphimba mpaka m'maso.

Chisangalalo cha munthu wamkulu chimasiyana ndi cha wachinyamata. Wachinyamata amakondwerera kuti moyo ukuyamba. Wamkulu amakhala ndi anthu ambiri oti awathokoze, ndipo phwando lake limakhala la iwowo. Pali amene anasamalira ana iye ali ku Zomba, mnzake wa kuofesi amene ankamugwirira ntchito Lachisanu masana, a banki mkhonde amene anamukongoza fizi ya semesita yomaliza, ndi mlamu amene anamupatsa pogona. Mabanja ena amachita phwando lalikulu pabwalo, ndi mpunga wa Kilombero, nkhuku, thobwa ndi perekaniperekani, achibale atasoketsa nsalu yofanana. Ena amangodya nkhomaliro kunyumba, Lamulungu lotsatira n'kukapereka chopereka chothokoza kutchalitchi, kapena kuitana a sheikh kudzapemphera. Ena amatenga gauni asanaibweze n'kupita nayo kumudzi kuti amalume ndi amfumu aione. Zonsezi n'zoyenera, ndipo munthu asachite manyazi kukondwera poyera poganiza kuti wakula. Chosafunika n'kutenga ngongole ina, makamaka ya katapila, kuti phwando lifanane ndi la mnansi pamene ya fizi isanathe. Amene anaphunzira pa intaneti ku sukulu ya kutali nthawi zambiri sapita kumwambo chifukwa cha mtengo wa ndege ndi viza. Satifiketi yawo imabwera m'envelopu, ndipo ambiri amabwereka gauni kuno n'kujambulitsa ndi banja lawo.

Mwambo ukatha pamatsala ntchito zingapo. Satifiketi ndi pepala la magiredi zimafunika kujambulitsa ndi kudinditsa, n'kukapereka ku ofesi yoona za antchito kuti zilowe m'fayilo. Kukwezedwa sikubwera chifukwa cha pepala lokha. M'boma ndi m'makampani ambiri pamafunika mpando ukhale wopanda munthu, ulengezedwe, munthu afunsire ndi kupambana mafunso, ndipo ena amadikira zaka ali pa giredi yomweyo ngongole ikudulidwabe. Wosainira kuti adzakhalabe pantchito amayamba kuwerenga zaka zake kuchokera pamenepa. Supavaiza wabwino amalimbikitsa wophunzira wake kufupikitsa thesis kuti isindikizidwe m'magazini ya akatswiri, monga Malawi Medical Journal kwa a zaumoyo, zomwe zimathandizanso wofuna kudzapitiriza mpaka digiri ya udokotala. Ndipo pali anthu aja a m'midzi itatu amene anasiya makasu awo n'kukhala pansi pa mtengo kuyankha mafunso. Malamulo a kafukufuku amafuna kuti zotsatira zibwerere kwa iwo, kudzera kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'dera kapena ku khonsolo, m'chinenero chimene iwo amamva.